Ngongole zakukwanani ku England, nanga poloti ya ku Lilongwe ija?

Mayi, mwalemba kuti mumagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, mumakhala m'nyumba ya lendi, ndipo ngongole za makhadi a kubanki ndi za makampani obwereketsa ndalama zafika £23,000. Muli ndi poloti ku Lilongwe, ndipo achimwene anu akuti muilembetse m'dzina lawo musanapemphe bankruptcy, kutanthauza kulengezedwa mwalamulo kuti mwalephera kubweza ngongole. Mukufunsa ngati lamulo lingakuloleni.

Kuloledwa kupempha bankruptcy kokha sikovuta. Ku England ndi ku Wales, munthu wokhala konko amene akulephera kubweza ngongole angapemphe yekha, ngongoleyo ikhale yaikulu kapena yaing'ono. Kuyambira mu 2016 simupitanso kukhoti. Mumalemba fomu pa intaneti, mkulu wa ku Insolvency Service (nthambi ya boma yoona za olephera kubweza ngongole) wotchedwa adjudicator n'kuyankha, kawirikawiri pasanathe masiku 28. Malipiro ndi £680. Mutha kuponya pang'onopang'ono, koma fomu siipita mpaka ndalamayo itakwana. Pakatha miyezi 12 mumamasulidwa, ngongole za makhadi zija n'kufa. Chindapusa cha kukhoti, ndalama zosamalira ana ndi ngongole ya sukulu ya boma, izi ndi zina mwa ngongole zimene sizifa.

Pamene mtima wanga uli m'mwamba ndi pa poloti. Mukangolengezedwa, katundu wanu yense, kupatula zinthu ngati zofunika pakhomo ndi zida zogwirira ntchito, amakhala m'manja mwa Official Receiver, mkulu wa boma woyendetsa nkhani za bankruptcy, ndipo lamulo limawerengera katundu wa kulikonse padziko, wa ku Malawi yemwe. Fomu idzakufunsani zimene muli nazo komanso zimene mwagulitsa kapena kupatsa anthu. Chuma chopatsa wachibale ulere, kapena pamtengo wotsika kwambiri, akhoza kuchilondola mpaka zaka 5 m'mbuyo ndi kupempha khoti kuti chibwezedwe. Kubisa kumene ndi mlandu, ndipo ziletso zimene zikanatha m'chaka chimodzi akhoza kuzitalikitsa kuyambira zaka 2 mpaka 15. Ndikudziwa kuti achimwene akufuna kukutetezani, ndipo malo a kumudzi ndiwo pothawira pa munthu wa kunja, koma chonde musasaine pepala lililonse losintha umwini. Musathamangirenso kubweza ngongole za abale kusiya za mabanki, chifukwa nazonso amazifufuza mpaka zaka 2 m'mbuyo.

Dziwaninso kuti ngati pamalipiro anu pamatsala ndalama mukalipira lendi, chakudya ndi zina zofunika pakhomo, adzakuuzani kuti muziperekako mwezi ndi mwezi kwa zaka 3. Bankruptcy imakhala m'mbiri yanu ya ngongole, imene obwereketsa ndalama amaiona, kwa zaka 6, ndipo ngati mukuganiza zodzapempha unzika wa Britain, funsani kaye loya wa za olowa m'dziko, poti Home Office, unduna woona za unzika, imayang'ananso mbiri ya ngongole.

Pali njira ina yaulere, Debt Relief Order, ya anthu amene ngongole zawo sizidutsa £50,000 ndipo satsala ndi ndalama zoposa £75 pamwezi. Koma katundu asadutse £2,000, ndiye poloti ija ikhoza kukutsekerani khomo limeneli.

Yambani ndi kupeza munthu wodziwa mitengo ya malo ku Lilongwe kuti akulembereni mtengo weniweni wa polotiyo. Kenako tengani pepalalo, makalata onse a ngongole ndi mapepala a malipiro anu, mupite ku Citizens Advice kapena muimbire StepChange, mabungwe opereka uphungu wa za ngongole. Salipiritsa. Apempheni kuti akulowetseni mu Breathing Space, imene imaimitsa chiwongoladzanja ndi okulonjererani kwa masiku 60 pamene mukusankha chochita.