Kwa mayi amene akulemba nthano yachikondi ya ku Egypt wakale

Mayi, ndawerenga funso lanu kawiri. Mwati mukulemba buku la nthano yachikondi yochitikira ku Egypt wakale, momwe milungu yakumeneko imayenda ndi kulankhula pakati pa anthu, ndipo mukufuna kupotoza mbiri pang'ono kuti zinthu ziyende mosiyana ndi mmene zidayendera, koma amene mwawapatsa kuti awerenge akudandaula kuti miyambo ya maliro yakudyerani masamba ambiri mpaka chikondi chazilala. Mukufunsa ngati ndi bwino kuichotsa. Ine ndikuti musaichotse, pakuti cholakwika si kuchuluka kwake, koma kuti mwina mwaiika payokha ngati phunziro la m'kalasi, pamene iyo ndiyo imayenera kusenza nkhani yonse.

Kukonza mtembo wa munthu wolemekezeka kunkatenga masiku 70, ndipo mwa masiku amenewa pafupifupi 40 thupi linkakhala lokwiriridwa mu natron, mchere wochokera ku Wadi Natrun, kuti liume lisaole. Ubongo ankautulutsira m'mphuno. Chiwindi, mapapo, chifu ndi matumbo ankaziika m'mitsuko inayi yolonderedwa ndi ana anayi a mulungu Horus, koma mtima ankausiya m'chifuwa chifukwa udali ndi ntchito kutsogolo. Masiku 70 amenewa ndiwo mungamangirepo mitu ya buku lanu, pakuti wowerenga akangodziwa kuti pa tsiku lomaliza manda adzatsekedwa ndipo china chake sichidzabwezekanso, iye mwini amayamba kuwerenga masiku pamodzi ndi atengambali anu.

Pa zopotoza mbiri, ambiri amathamangira kwa mfumukazi Cleopatra ndi nkhondo ya ku Actium imene adagonja m'chaka cha 31 B.C., nkumafunsa kuti zikadatani iye akadapambana. Njira imeneyo yapondedwa kwambiri. Ndikadakhala ine, ndikadabwerera zaka zoposa 1,000 m'mbuyo, pa imfa ya Tutankhamun cha m'ma 1323 B.C. Mfumuyi idamwalira isanafike zaka 20 ndiponso yopanda wolowa ufumu, ndipo m'manda mwake, amene Howard Carter adawapeza mu 1922, mudali timitembo tiwiri ta ana aakazi amene sadakhale ndi moyo. Zolemba za Ahiti, anthu a ufumu wamphamvu umene udali kumene lero kuli dziko la Turkey, zimasimba kuti mfumukazi ina ya ku Egypt idatumiza kalata kwa mfumu yawo Suppiluliuma, kunena kuti mwamuna wake wamwalira ndipo ilibe mwana wamwamuna, kotero ikupempha mmodzi wa ana a mfumuyo kuti akhale mwamuna wake, chifukwa siingalole kukwatiwa ndi wantchito wake, ndiponso kuti ili ndi mantha. Akatswiri ambiri amati mfumukaziyo idali Ankhesenamun, mkazi wa Tutankhamun. Suppiluliuma adakayika, nayamba watumiza nduna yake kuti ikaone ngati si msampha, ndipo pamene ndunayo inkabwerako miyezi idali itapita. Kenaka adatumiza mwana wake Zannanza, amene adafera m'njira asanafike.

Nchifukwa chiyani kuchedwako kudali koopsa? Ku Egypt, woika maliro ndiye ankatenga za womwalirayo. Pa khoma la m'manda a Tutankhamun adajambulapo Ay, nkhalamba ya kunyumba yachifumu, atavala chikopa cha kambuku ndi chisoti chaufumu, m'manja muli kansompho, akuchita mwambo wotsekula pakamwa pa mtembo kuti womwalirayo athe kudya, kupuma ndi kulankhula kudziko linalo. Ay ndiye adalowa ufumu. Apa ndiye pali nthano yanu, Mayi. Mkazi wamasiye akufuna kuti maliro achedwe mpaka mlendo afike, akuluakulu akufuna kuti achitike msanga, ndipo amene ali ndi mphamvu yochedwetsa ndi anthu onyozeka a m'nyumba yokonzera mitembo. Mtengambali wanu akhoza kukhala mwana wamkazi wa wokonza mitembo, amene walamulidwa mwachinsinsi kuti azipeza zifukwa tsiku ndi tsiku, lero nsalu zabafuta sizinakwane, mawa utomoni wafika woipa. Zikatero kusambitsa, kudzoza ndi kukulunga mtembo sikukhalanso phunziro, kumasanduka malo amene anthu akunamizana, kuopsezana ndi kuberana maso.

Mukasankha kuti Zannanza afike wamoyo, sinthani chimenecho chokha, kenaka tsatirani zotsatira zake mokhulupirika. M'mbiri yeniyeni, imfa yake idautsa nkhondo, ndipo akapolo amene Ahiti adagwira adabweretsa mliri umene udapha Suppiluliuma ndi mwana wake Arnuwanda. Ay atamwalira ufumu udapita kwa Horemheb, mkulu wa asilikali, amene adausiyira Ramesses woyamba. Tsono mwana wa Ahiti akakhala pampando, mliriwo sufika, ndipo banja la Ramesses mwina silioneka nkomwe. Horemheb sangangokhala chete, ndipo mdani wa m'buku lanu mwamupeza osavutika.

Palinso munthu wina amene ndimadabwa kuti olemba samugwiritsa ntchito. Diodorus, mlembi wachigiriki, adasimba kuti amene ankacheka mtembo m'nthiti ya kumanzere ndi mwala wakuthwa ankati akangomaliza nkuliyatsa liwiro, anzake akumugenda ndi kumutemberera, chifukwa kuvulaza thupi kudali chonyansa ngakhale kuti ntchitoyo idali yofunika. Diodorus adalemba patapita zaka zambiri kuchokera nthawi ya Tutankhamun, koma m'nthano muli ndi ufulu wobwereka. Taganizirani mnyamata amene ntchito yake ndi kugendedwa, ndi mtsikana amene mwambo umamukakamiza kutola mwala pamodzi ndi ena, nauponya dala pambali. Ife amene tidaonapo adzukulu akugwira ntchito imene abale ake a womwalira sangaigwire timamvetsa msanga za munthu wofunika pamaliro koma woimirira patali, ngakhale ndikuchenjezeni kuti kufananako kuthere mumtima mwanu, musatenge miyambo yathu nkukaiveka anthu a m'mbali mwa Nile.

Za milungu, ipatseni malamulo amene nayonso siingawaphwanye, apo ayi idzakhala yongopulumutsa atengambali nthawi iliyonse imene mlembi wasowa pothawira. Mwamwayi malamulowo alipo kale. Womwalira ankaimirira pamaso pa Osiris ndi oweruza 42 nkumatchula machimo amene sadachite, kenaka Anubis ankaika mtima wake pa sikelo, mbali inayo kuli nthenga ya Maat, mulungu wamkazi wa choonadi, Thoth akulemba zotsatira. Mtima ukalemera unkaponyedwa kwa Ammit, chilombo cha mutu wa ng'ona, chifuwa cha mkango ndi matako a mvuu, ndipo munthuyo ankafa kachiwiri, kutheratu. Ankaopa kwambiri kuti mtima ungawaneneze, nchifukwa chake pachifuwa pa mtembo ankaikapo mwala wosemedwa ngati chikumbu chokunkhuniza ndowe, wolembedwa mawu opempha mtimawo kuti usauke ngati mboni yotsutsa mwini wake. M'nthano yachikondi simungapeze chida choposa chimenechi. Mtsikana wanu, amene wakhala akunama masiku 70 chifukwa cha mfumukazi ndiponso chifukwa cha mnyamata uja, akudziwa bwino lomwe kuti bodza lililonse lili ndi kulemera kwake, popeza iye mwini ndiye amaika miyala imeneyi pa zifuwa za ena.

Kumbukiraninso kuti nkhani yaikulu yachikondi ya anthu amenewa ndi ya maliro. Set adapha m'bale wake Osiris namuduladula, ndipo Isis adayendayenda m'dziko lonse kutolera ziwalo za mwamuna wake, mchemwali wake Nephthys akumuthandiza kulira, mpaka adamutsitsimutsa kwa kanthawi kokwanira kutenga pathupi pa Horus. Komabe Osiris sadabwerere kunyumba, adakakhala mfumu ya akufa. Ngati mukufuna kuti okondana anu adzathere limodzi, mathero amenewo muwalipire ndi china chake chowawa, chifukwa ngakhale Isis sadapatsidwe zonse.

Pa kalankhulidwe ka okondana, zitsanzo zilipo zenizeni. Anthu ankalembera makalata abale awo omwalira, kawirikawiri pa mbale zimene ankasiya kumanda, ndipo ku Leiden kuli kalata ya bambo wina wolembera mkazi wake Ankhiry, womwalira kale, kumufunsa kuti adamulakwira chiyani kuti azimusautsa chonchi, pamene adamusamala pa matenda ake, namuika m'manda mwaulemu, nakhala zaka zitatu osakwatiranso. Mkwiyo ndi chikondi zili m'mpweya umodzi, ndipo mawu otere ndiwo akufunika m'buku lanu.

Pewani kulemba ukwati wa m'kachisi wokhala ndi wansembe ndi malumbiro. Kwa iwo ukwati kudali kulowa m'nyumba imodzi mabanja akudziwa, ndipo mkazi ankatha kukhala ndi chuma chakechake ngakhalenso kuthetsa banja. M'ndakatulo zawo zachikondi okondana ankaitanana kuti mlongo ngakhale padalibe ubale uliwonse. Mukalemba mawu amenewa m'Chichewa osakonza njira, wowerenga adzatseka buku poganiza kuti mukulemba zamalaulo, makamaka popeza m'banja lachifumu achibale ankakwatiranadi. Ndibwino kuti wowerenga ayambe wawamva pakamwa pa nkhalamba ina yoseka achinyamata m'mutu woyamba, kuti pamene mnyamata wogendedwa uja adzawanong'oneza kuseri kwa mitsuko ya natron, tanthauzo lake likhale litadziwika kale.