Za dimba la kuseri kwa tchalitchi ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe

Mayi, mwafunsa ngati kutsegula dimba la gulu pamalo aja a kuseri kwa tchalitchi kwanu kuli ndi phindu kapena n'kungotopetsana. Phindu lilipo ndithu, koma musanagule mbewu ngakhale paketi imodzi yambani mwakambirana za madzi.

Madzi a khonsolo mukuwadziwa, aja a ku Lake Chivero odzera pamalo oyeretsera madzi a Morton Jaffray, amabwera tsiku lomwe afuna, ndiye ngati palibe mjigo wa sola ndi thanki pamwamba mabedi anu adzapsa mu Okutobala inu mukuona. Chondetu musatengeke ndi madzi a mumtsinje wa Marimba kapena wa Mukuvisi, mmene mapaipi a zimbudzi amaphulikira muno zonyansa zambiri zimathera mmenemo. Kolera ya 2008 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ya 2018 inavuta kwambiri pompa pa Glen View ndi Budiriro. A EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, nawo salola kulima pasanakwane mamita 30 kuchoka pamtsinje.

Madzi akapezeka zinazo n'zokoma. Anzathu achishona ambiri ali ndi kumudzi kowatumizira chimanga ndi maungu, ife ana a anthu amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi kumudzi kwathu ndi ku Dedza kapena Mangochi uko, ndiye chilichonse cholowa mumphika n'chogula basi. Dola imodzi ya ndiwo tsiku ndi tsiku imaoneka yochepa koma werengerani pamwezi, kuonjezera vuto la chenje lija loti umakakamizika kutenga tomato yemwe sumamufuna. Chilala cha 2024 ndi moto uja unapsereza msika waukulu wa Mbare Musika mu Okutobala chaka chomwecho zinationetsa kuti kudalira msika wokha n'koopsa.

Yambani ndi covo, ndiwo zamasamba zofananako ndi repu, safuna zambiri, mumangothyola mphukira pa tsinde la mnzanu n'kuzika, mukatero muzingobudula masamba am'munsi kwa miyezi iye akukwerabe. Repu ndi mpiru mubzale nthawi yozizira, kukatentha nsabwe zimavuta. Manyowa a nkhuku akhale owolerana, aawisi amawotcha mizu. Koma ine chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi ndiwo zakwathu, nkhwani, bonongwe, chisoso, khwanya, zotsala mufutse muyanike mudzadye mfutso wotendera mu Ogasiti. Agogo opuma pantchito amene amangokhala pakhonde mukawapatsa khasu amatsitsimuka, ndipo ana amamvako Chichewa kumeneko poti kunyumba ambiri angoti Chishona ndi Chizungu.

Chimene chimapasula magulu ndi ichi, dimba limodzi la anthu onse, ena amabwera pokolola pokha. Banja lililonse likhale ndi mabedi ake, zogawana zikhale madzi, mpanda ndi loko wa pageti. Musonkhe kandalama pamwezi ka pampu ikawonongeka, msungichuma azilemba m'buku poyera. Ndipo abusa akupatseni kalata yosainidwa ndi komiti yonena zaka zomwe mugwiritse malowo, abusa amasinthidwa, wobwerayo angadzafune kuikapo malo oimika magalimoto covo wanu atangoyamba kukoma.