Benz 280E ikamakana kulira itatentha, musathamangire kugula fuel distributor

Owerenga wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Ali ndi Mercedes-Benz 280E (ya mtundu wotchedwa W123) ya 1982. M'mawa imalira mosavuta, koma akaiyendetsa n'kuizimitsa kwa mphindi 20 imakana, ndipo nthawi zina imazima yokha ili pamsewu. Makaniko wawauza kuti agule fuel distributor (chipangizo chogawa petulo kupita ku masilinda a injini) ina, apo ayi achotse zonse aikemo kabureta.

Achimwene, musagule kalikonse panopa, ndipo za kaburetazo zisiyeni. Injini ya M110 imene muli nayoyo imayendera Bosch K-Jetronic, njira yoperekera petulo ku injini yomwe inayamba kuikidwa m'magalimoto mu 1973. Mulibe kompyuta mmenemo. Ma injector (tizipangizo topopera petulo mu injini) amatseguka okha presha ya petulo ikakwana, choncho chilichonse chimadalira pampu ya petulo, ndipo pampuyo imadalira magetsi. Mmene mwafotokozeramu, ine ndikuona mavuto awiri osiyana.

Kuzima pamsewu kawirikawiri n'kwa magetsi. Mafiyuzi akale a W123 amachita dzimbiri kunsonga ngakhale asanapse. Achotseni, palani pomwe amakhala, muikemo atsopano. Kenako zulani relay ya pampu (kaswichi kamagetsi koyatsa pampuyo), ndipo pamalo pomwe inali mulumikize mabowo a nambala 30 ndi 87 pogwiritsa ntchito kawaya kokhala ndi fiyuzi. Galimoto ikasiya kuzima, wolakwa ndi relay, nthawi zambiri chifukwa cha solder (mtovu womatira mawaya) yosweka mkati. Kawayako n'koyesera basi, musamayende nako, chifukwa mutachita ngozi pampu ingapitirize kupopa petulo.

Poyeza magetsi a pampu ndiye pamene ambiri amanyengeka. Amachotsa waya kupampu, amaona 12V pa mita, n'kunena kuti magetsi ali bwino. Waya wodyeka amaonetsa 12V yonse pamene sakunyamula katundu. Yezani pampu ikuzungulira, mawaya ali pamalo pake, pansi pa galimoto pafupi ndi matayala akumbuyo. Mukapeza kuti magetsi atsika kupitirira 1V poyerekeza ndi a pa batire, tsatirani wayayo mpaka mupeze pamene pawola. Waya wabulawuni ndi wa earth, ndipo bawuti yake ikachita dzimbiri pampu imafooka ikatentha.

Kukana kulira itatentha n'kwa presha. Injini ikazima, petulo amayenera kukhalabe wopanikizika m'mapaipi kuti asasanduke nthunzi ndi kutentha kwa injini. Ntchito imeneyi ndi ya accumulator (kachitini kosunga presha) ndi check valve ya papampu (kavavu koletsa petulo kubwerera m'mbuyo). Labala wa mkati mwa accumulator amang'ambika ndi ukalamba, ndipo petulo wathu wosakaniza ndi ethanol samuchitira chifundo labala wakale. Pezani makaniko amene ali ndi geji ya presha. Pampu ikuyenda, geji ionetse 5 bar (muyeso wa presha) kapena kupitirirako pang'ono. Mukazimitsa, itsike pang'ono n'kuima. Ikagwa mpaka ziro m'mphindi zochepa, ganizirani accumulator ndi check valve zija, kapena injector yodontha. Sinthaninso fyuluta ya petulo muli pansi pomwepo.

Fuel distributor imawonongeka ndithu, makamaka galimoto ikakhalitsa osayenda, koma yanu imalira bwino m'mawa, ndiye ikhale yomalizira kuikayikira. Chimene ndikukupemphani n'chakuti wina asagwire kasikulu ka 3 mm kamene kali pakati pa distributor ndi mbale yoyezera mpweya. Kakangopotoledwa pang'ono, petulo ndi mpweya zimasiya kugwirizana, ndipo kukabwezera pamalo pake kumafuna makina oyezera utsi. Mukayeza, munditumizire manambala awiri: magetsi a papampu, ndi presha patatha mphindi 10 chizimitsireni.