Alamu, za Lakers zija ndiyankhe pano

Eee alamu, mwaswera bwanji? Ndaona funso lanu pagulupu paja, loti kodi Lakers itenga chikho cha NBA, ligi ya basketball ya ku America, sizoni ino ya 2025-26 popeza Luka Dončić ndi LeBron James ali pamodzi. Kulemba kukanatalika, ndiye ndati ndingolankhula. Enanu amene basketball simuitsata mungodumpha, sindikwiya.

Mwayi ulipo, koma ine sindingaike Lakers patsogolo. Poyamba ndikuika Oklahoma City, kenako Denver, ndiye Lakers izilimbirana malo achitatu ndi Minnesota komanso Houston, imene yatenga Kevin Durant. Ndikudziwa mwayamba kale kupukusa mutu, tamverani kaye.

Vuto la timu yanuyi si kugoletsa ayi, ndi kutchinga. Mu February 2025 pamene ankamutenga Luka ku Dallas, anapereka Anthony Davis. Tonse tinakuwa kuti Lakers yatola chikwama, ndipo n'zoona. Koma Davis uja ndi amene ankalondera pansi pa ring. Atachoka, pakhomo panatsala pululu. Anayesa kutenga Mark Williams wa ku Charlotte, dilu n'kuthetsedwa madokotala atamuyeza. Ndiye analowa ma playoff, magemu ochotsana olimbirana chikho, alibe munthu wamtali womudalira. Zotsatira zake mukuzikumbukira. Anapambana magemu 50, anathera pa nambala 3 ku West, chigawo chawo cha ligi, koma Minnesota inawatulutsa ndime yoyamba yomweyo, 4-1. Gemu yomaliza ija Rudy Gobert wa Minnesota, munthu amene anthu amamuseka kuti kugoletsa sadziwa, anamwetsa mapointi 27 n'kutola marebaundi 24. Ankangotola mipira pamwamba pa mitu yawo. Gemu yachinayi, kochi JJ Redick sanasinthe munthu ngakhale m'modzi hafu yonse yachiwiri, anthu asanu omwewo mpaka kumapeto. Kochi akamatero ndiye kuti akayang'ana pabenchi sakuonapo womukhulupirira.

Mundiuza kuti akonza, atenga Deandre Ayton ndi Marcus Smart. Inde, n'chimodzi mwa zinthu zimene zikundipatsa kachiyembekezo. Ayton ndi wamtali, anasewera mafainolo ali ku Phoenix mu 2021, ndipo paja pa draft ya 2018, pamene matimu amasankha osewera atsopano, iyeyu ndi amene anasankhidwa poyamba, Luka ali wachitatu, Shai Gilgeous-Alexander wa Oklahoma City ali nambala 11. Taonani mmene zinthu zatembenukira. Koma Ayton ndi munthu woti lero wayaka, mawa ngati sanabwere. Smart anali wotchinga bwino kuposa onse mu ligi mu 2022, koma chichokereni ku Boston kuvulala kwamuvutitsa kwambiri. Awa ndi anthu owayesa mwayi, osati owaikira khosi.

Nanga LeBron? Ulemu wake ndimamupatsa, koma anabadwa mu December 1984, zaka 40 anadutsa. Kuti timu itenge chikho imayamba yasewera magemu 82, kenako ndime zinayi za ma playoff, iliyonse muyenera kupambana magemu anayi. Onse pamodzi 16, kuyambira April mpaka June, nthawi zambiri kupuma kwake tsiku limodzi kapena awiri. Gemu imodzi LeBron akhoza kugonjetsa aliyense. Miyezi iwiri yathunthu akugoletsa uku akuthamangitsanso anyamata a zaka 25, pamenepo ndiye ndikukayika.

Tsopano tayang'anani amene anatenga chikhocho mu 2025. Oklahoma City inapambana magemu 68, inagonja 14 yokha. Shai anatenga MVP, mphotho ya wosewera bwino kuposa onse, anagoletsa kuposa onse mu ligi, n'kutenganso MVP wa mafainolo sizoni imodzi yomweyo. Koma chondiopsa ine si Shai. Ndi gulu la otchinga lija: Lu Dort, Jalen Williams, Cason Wallace, Alex Caruso, kumbuyo kuli Chet Holmgren ndi Isaiah Hartenstein. Luka azimusinthanitsira anthu, uyu akatopa kubwera wina wamphamvu zake, mpaka miyendo itafooka. Mpira ukapita mbali inayo, Shai azisakasaka Luka ndi mnzake Austin Reaves, chifukwa akudziwa kuti pofewa ndi pamenepo. Boston inachita zomwezo m'mafainolo a 2024, Luka ali ku Dallas mpaka anatulutsidwa gemu yachitatu mafaulo atakwana. Ndipo alamu, Caruso ameneyu anali wanu, munatenga naye chikho mu 2020, n'kumusiya apite ku Chicago. Imeneyo ndiye musamaiiwale mukamadandaula za kutchinga.

Denver sindichulukitsa zonena. Nikola Jokić ali ndi ma MVP atatu, ndipo timu yakeyo inakusesani 4-0 mu 2023, n'kukutulutsaninso 4-1 mu 2024, Davis ali pomwepo. Lero amugwira ndani?

Komabe musataye mtima, pali mfundo ziwiri za mbali yanu. Chichitireni Golden State mu 2017 ndi 2018, palibe timu inatenga chikho kawiri motsatizana kufikira 2025. Kuyambira 2019 mpaka 2025 matimu asanu ndi awiri osiyana. Kuvulala kumasokoneza zonse, mwaona Jayson Tatum wa Boston ndi Tyrese Haliburton wa Indiana onse anaduka mtsempha wa kuchidendene m'ma playoff a 2025. Oklahoma yomweyo inafika gemu yachisanu ndi chiwiri ndi Denver, kenako ndi Indiana, ndiye si yoti singagwe.

Inayo ndi imene ndimaikonda. Luka anaitulutsapo Oklahoma, 4-2, mu 2024 ali ku Dallas. Koma onani amene anamuzungulira nthawi imeneyo: Daniel Gafford ndi Dereck Lively, aatali omuwakhira mipira pamwamba, kuphatikiza P.J. Washington ndi Derrick Jones otchinga m'mbali. Luka akapatsidwa anthu a mtundu umenewo amafika kutali. Lakers sinamupatse okwanira. Poti anasaina kontrakiti yatsopano mu August 2025, nthawi yomumangira timu yotero ali nayo, kungoti mwina LeBron sadzakhalapo kuti adye nawo.

Ndiye mukamatsata magemu, musamangonditumizira mapointi a Luka, amenewo azikhala ambiri basi. Muzindiuza kuti adani agoletsa angati, ndiponso ngati Lakers yagula wotchinga wina msika wa osewera usanatsekedwe mu February 2026. Akagula, tidzakambirananso, mwina ndidzawakweza pa nambala 2. Mupereke moni kwa achemwali anga ndi ana.