Mkazi wamasiye wa ku Paris amene anatsutsa mabuku

Achemwali ena andilembera imelo. Akuti pagulu lawo lowerenga mabuku, bambo wina wanenetsa kuti anzeru onse akale a ku Ulaya ankagwirizana zoti mkazi sangatsogolere, ndipo zoikira akazi kumbuyo ndi za dzanadzanali. Akufunsa ngati n'zoona.

Achemwali, mwandigunda pachilonda. Bambo anga atamwalira, mayi anayendera ndalama za penshoni mpaka nsapato kutha zidendene. Lero fayilo yasowa, mawa wosaina wapita kumaliro. Ndinkawaperekeza. Mapepala ankawaika m'jumbo, n'kuwakulunganso m'chitenje kuopa mvula, ndipo tinkakhala pabenchi kuyambira m'mawa osalawa kanthu. Tsiku lina kalaliki wina anawauza kuti akabwere ndi mwamuna wa m'banjamo woti amvane naye bwino. Ankauza mayi anga, mphunzitsi wa masamu, amene anali atawerengetsera kale ndalamazo mpaka tambala yomaliza. Mayi sanayankhe. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira.

N'chifukwa chake mbiri ya Christine de Pizan sinali yachilendo kwa ine. Anabadwira ku Venice mu 1364, n'kukulira ku Paris kumene bambo ake ankatumikira Mfumu Charles V pa zoona nyenyezi. Ali ndi zaka 25, mwamuna wake Étienne du Castel, mlembi wa kunyumba yachifumu, anamwalira. Anamusiyira ana atatu, mayi oti awasamale, ndi milandu ya kukhoti imene inatenga zaka zambiri pa chuma ndi malipiro a malemuyo. Anagwira cholembera kuti pakhomo padyedwe.

Bambo wa pagulu lanuyo sananame zonse. Aristotle, wanzeru wakale wa ku Greece, analemba kuti mkazi ali ngati mwamuna wosakwanira. Thomas Aquinas, mphunzitsi wa zaumulungu wa m'zaka za m'ma 1200, anavomera kuti Mulungu analenga mkazi mwadala, komabe anati mkazi azigonjera chifukwa luso lolingalira lachuluka mwa mwamuna. Mayunivesite a Paris ndi Oxford sankalandira akazi. Koma kunena kuti onse ankagwirizana ndi bodza, ndipo bodza lotere limatseka pakamwa atsikana mpaka pano.

Ena angakuuzeni za Hildegard wa ku Bingen, ku Germany, mkulu wa masisitere amene anamwalira mu 1179. Ankalembera mafumu ndi mapapa, ndipo analalikira poyera ku Cologne ndi ku Trier. Ndimamulemekeza kwambiri. Koma iye ankadzitcha mkazi wofooka ndi wosaphunzira, ulamuliro wake n'kuutsamiritsa pa masomphenya ochokera kwa Mulungu. Khomo limenelo limatsegukira munthu mmodzi yekha. Mkazi amene sanaone masomphenya amatsala panja, ndipo ine sindikhutira nazo.

Chimene Christine anachita mosiyana

Mu 1401 ndi 1402 analimbana m'makalata ndi akuluakulu ophunzira monga Jean de Montreuil ndi Gontier Col pa ndakatulo yotchuka ya Roman de la Rose, chifukwa ndakatuloyo inkanyoza akazi. Kenako mu 1405 anamaliza Le Livre de la Cité des Dames, buku lomanga mzinda wa amayi. Poyambirira pake akudzisonyeza atawerenga Matheolus, wolemba wonyoza akazi, mpaka kudzida yekha chifukwa chobadwa mkazi. Kenako m'nkhaniyo akumufikira amayi atatu ongopeka oimira Nzeru, Kuongoka Mtima ndi Chilungamo. Mayi Nzeru akumudzudzula potaya zimene akudziwa yekha n'kukhulupirira zonena za ena, ndipo akumukumbutsa kuti anzeruwo amatsutsana okhaokha, monga Aristotle amene anatsutsa mphunzitsi wake Plato. Mtsogolomo akunena poyera kuti atsikana akanamatumizidwa kusukulu ngati anyamata, akanaphunzira chimodzimodzi. Christine ankazidziwa bwino zimenezi: bambo ake ankakondwa naye akamawerenga, pamene mayi ake ankafuna kuti azipota ulusi. Sanadikire masomphenya oti amupatse chilolezo. Anayeza mabuku ndi moyo wa akazi enieni amene ankacheza nawo, apamwamba ndi apansi omwe, napeza kuti mabukuwo ndi amene akunama.

Ndiye mukakumananso, achemwali, musakangane nawo bambowo. Apatseni dzina la Christine ndi chaka cha 1405, muwapemphe kuti gulu lonse liwerenge mitu yoyambirira ya bukulo mwezi wamawa. Linamasuliridwa m'Chingerezi.