Funsani Amisiri: Kodi chithunzi cha view once chimafufutikadi?

FUNSO: Amisiri, ndine mayi wa zaka 27, ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe. Bambo amene ndikufuna kumanga nawo banja tinachita chinkhoswe asananyamuke ulendo wa ku Joni chaka chatha. Masiku ano akumandipempha zithunzi zoti sindingazifotokoze m'magazini muno. Akuti ndizitumiza pa view once ya pa WhatsApp, iwo akangoona kamodzi chithunzicho chimafufutika, ndipo screenshot siitheka. Ndatumizapo kale ziwiri, koma chitumizireni tulo sitikundibwerera. Kodi n'zoona kuti palibe chimatsala? Mlongo wanu, Area 25.

YANKHO: Achemwali, mwachita bwino kufunsa, ndipo musachite manyazi. Pa benchi yanga yokonzera mafoni ku Limbe ndakhalapo zaka zoposa 10, ndipo funso ili ndalimva kwa amayi, kwa abambo, ngakhale kwa akuluakulu a mpingo, onse akunong'ona. Zimene bambowo anakuuzani zili ndi mbali yoona, koma si nkhani yonse.

Ndiyambe ndi mbali yoonayo. WhatsApp anabweretsa view once mu Ogasiti 2021. Mukadina kachizindikiro ka 1 kali m'kabwalo kaja musanatumize, wolandirayo amatsegula chithunzicho kamodzi kokha. Akachitseka sichitsegukanso, sichilowa mu gallery yake, ndipo batani lotumizira munthu wina silioneka. Chikatha masiku 14 osatsegulidwa chimafa chokha. Poyamba screenshot inkatheka bwinobwino, koma mu 2022 anatseka khomo limenelo, moti lero munthu akayesa, foni imakana kapena imajambula mdima wokhawokha. Komanso kuyambira mu 2016 mauthenga a pa WhatsApp amayenda atakhomedwa kuchokera pa foni yanu mpaka pa foni ya wolandira. A TNM kapena a Airtel, amene amanyamula uthengawo, sangaone zili mkati. Panjira ndiye musade nkhawa kwenikweni.

Vuto lili pofikira. Agogo anga ankasimba za makalata a nthawi ya Theba, amuna ali ku migodi, akazi ali kumudzi. Tiyerekeze kuti mwalemba kalata, mwamata envelopu bwinobwino, ndipo pamwamba mwalembapo kuti "mukawerenga mutenthe". Wapositi afikitsa kalatayo osaitsegula. Koma kuitentha kapena kuisunga pansi pa mphasa, zili kwa amene wailandira. View once ndi mawu a pa envelopu aja. Chithunzi chimafika chathunthu m'foni ya mnzanuyo, limodzi ndi pempho loti pulogalamu ya WhatsApp ichionetse kamodzi n'kuchitaya. Pulogalamu yeniyeni imamvera pempholo. Munthu ndiye akhoza kusamvera.

Njira yosamverera yoyamba siifuna luso lililonse: foni yachiwiri. Atsegula chithunzi chanu pa foni iyi, achijambula ndi foni inayo, basi zatha. Palibe chizindikiro chimene chidzafike kwa inu. A WhatsApp eni akewo amachenjeza za zimenezi pa tsamba lawo la malangizo, ndipo amati muzitumiza view once kwa anthu okhawo amene mumawakhulupirira. Onjezerani apo kuti abale athu ambiri amene ndimawadziwa ku Joni amagona angapo m'chipinda chimodzi pofuna kupulumutsa ya lendi. Ngakhale bambo anuwo atakhala okhulupirika chotani, mphindi imene akutsegula chithunzicho simudziwa amene waima kumbuyo kwawo.

Njira yachiwiri ndimaiona ndi maso anga pafupifupi sabata iliyonse. Mafoni ambiri amene amabwera pa benchi panga amakhala ndi GB WhatsApp kapena abale ake monga FM WhatsApp ndi Yo WhatsApp. Awa ndi mapulogalamu achinyengo amene anthu amagawana pa Bluetooth kapena kutsitsa pa masamba osadziwika bwino, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene amakopera anthu ndi chimene amachitcha anti view once. Munthu akachiyatsa, chithunzi chanu cha kamodzi chija chimakhala ngati chithunzi wamba: achitsegula kakhumi, achisunga, achitumiza ku gulu. Inu kuno muona mawu akuti "Opened" n'kumati zatha. A WhatsApp amatseka manambala a anthu ogwiritsa ntchito mapulogalamu amenewa ndipo amayesetsa kuwatchinga, koma owapangawo nawo sagona. Kuchokera ku Area 25 simungadziwe kuti foni ya ku Joni ili ndi WhatsApp iti.

Musaganize kuti ndi nkhani ya anyamata a mumsika okha. Mu Seputembala 2024 katswiri wina wa chitetezo cha makompyuta, Tal Be'ery wa kampani ya Zengo, anaonetsa poyera kuti view once inali kachizindikiro chabe komatidwa pa uthenga, ndipo munthu wogwiritsa ntchito WhatsApp ya pa kompyuta ankatha kukachotsa n'kusunga chithunzicho. A WhatsApp anakonza vutoli pambuyo pake, koma ndani akudziwa zithunzi zingati zinali zitadutsa kale pa bowo limenelo. Snapchat, amene anatchukitsa nkhani ya zithunzi zozimiririka kuyambira mu 2011, anakumana nazo kale. Mu 2014 bungwe la boma la America loteteza ogula, la FTC, linawadzudzula kuti ananamiza anthu ponena kuti zithunzi zimatheratu, pomwe panali njira zosavuta zozisungira. Chaka chomwecho mu Okutobala zithunzi masauzande ambirimbiri zinamwazika pa intaneti kuchokera ku Snapsaved, tsamba lapadera limene anthu ankasungirako mwakabisira zithunzi zimene anzawo ankaganiza kuti zinafufutika. Otumizawo sanalakwitse batani lililonse. Anzawo olandira ndiwo anali ndi nkhokwe yobisika.

Tsopano ndikuuzeni mbali imene anthu amaiwala, ndipo ndi imene imandipweteka mtima kwambiri chifukwa imadutsa m'manja mwa ife amisiri. Chithunzi chija musanachitumize munachijambula ndi foni yanu. View once imagwira ntchito kwa wolandira, siifufuta chimene chili mu gallery yanu. Ngati Google Photos ili yoyatsa, n'kutheka chinakwera kale kumeneko mutangolumikiza intaneti. Mukachifufuta chimakakhala kaye m'bini, mpaka masiku 60 pa Google Photos, masiku 30 pa iPhone. Ndiye foni yomweyo mwana amaseweretsa, mlamu amabwereka kuti aimbire, magetsi akazima mumakaisiya pa golosale kuti itchajidwe, sikirini ikasweka mumaibweretsa kwa ife.

Mayi wina anabwera kwa ine akulira, zithunzi zake zitazungulira gulu la WhatsApp la kudera kwawo. Anali atatukwana kale mwamuna wake, banja lili pendapenda. Titafufuza bwino tinapeza kuti mwamunayo sanatulutse kanthu. Mwezi wapitawo mayiyo anali atasiya foni masiku awiri pamalo ena okonzera, PIN atapereka, memory card ili momwemo. Sindinaiwale nkhope yake. Chiyambire tsiku limenelo ndimauza aliyense wobwera pa benchi panga kuti kusintha sikirini, batire kapena potchajira sikufuna kuti mundisiyire PIN yanu. Chotsani memory card ndi SIM, ndipo nthawi yoyesa ikafika tsegulani nokha foniyo muli chiimire pomwepo. Mafoni a Samsung atsopanoko ali ndi Maintenance Mode imene imabisa zinthu zanu zonse foni ili kwa mmisiri. Mmisiri amene akukakamira PIN popanda chifukwa chomveka, tengani foni yanu muzipita.

Choncho lero lomwe, achemwali, yang'anani mu gallery, m'bini, ndi pa Google Photos, mufufute ziwiri zija kulikonse kumene zatsala. Za ku Joni simungazibweze, madzi akatayika saoleka, koma sindikufuna muzigona ndi mantha ngati kuti zatuluka kale. Amuna ambiri amaona n'kutseka, osasunga kanthu. Sindikuwadziwa bambo anuwo ndipo sindiwaweruza. Chikondi cha kutali chimawawa, ndipo anthu awiri achikulire amene achita chinkhoswe ali ndi ufulu pa zachinsinsi zawo.

Koma mawu anu akuti tulo sitikubwera ndawamva. Ngati mtima sukufuna, auzeni mosapita m'mbali kuti simutumizanso, ndipo muone mmene ayankhire. Munthu wokukondani akhoza kukhumudwa pang'ono, koma amvetsa. Akayamba zoti "ndiye kuti sumandikonda", kapena kuopseza kuti asiya kutumiza ndalama, imeneyo si nkhani ya foni ayi, ndi yoti ankhoswe aidziwe, ngakhale musawafotokozere zonse. Ngati mwasankha nokha kupitiriza, nkhope isaoneke, chipsera kapena chizindikiro chobadwa nacho chisaoneke, ngakhale chitenje chimene anthu amakudziwani nacho kapena kalendala ya pakhoma la kuchipinda kwanu. Anthu amazindikira munthu ndi tinthu tating'ono totere.

Zitachitika kuti chithunzi chatuluka, kapena wina wayamba kukuopsezani nacho, wolakwa ndi womwazayo, osati inu. Musamupatse ndalama, chifukwa wolandira kamodzi amabweranso. Musafufute mauthenga ake, ajambuleni pamodzi ndi nambala yake ndi tsiku, mupite nawo ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi, kapena imbani 5600, nambala yaulere yothandiza ochitiridwa nkhanza. Kuno kwathu lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pa foni kapena kompyuta. Ku South Africa kumene kuli bambowo, lamulo la Cybercrimes Act la 2020 limanena mwachindunji kuti kutulutsa chithunzi chamseri cha munthu popanda chilolezo chake ndi mlandu. Palinso tsamba la StopNCII.org limene linayamba mu 2021. Chithunzi chanu sichichoka m'foni mwanu, tsambalo limangopanga kachidindo ka manambala kochizindikirira, n'kukapereka ku Facebook, Instagram, TikTok ndi ena kuti wina akayesa kuchiika achitchinge. Dziwani kuti m'magulu a WhatsApp kachidindoka sikafikamo, chifukwa cha kukhomedwa kwa mauthenga komwe kuja.

Kwa ana anga osakwana zaka 18 amene mukuwerenga magazini ya amayi anu: aliyense wokupemphani chithunzi chotere akupalamula mlandu waukulu, kaya pa view once kaya ayi. Imbani 116, ndi yaulere, ndipo palibe amene adzakudzudzuleni.

FUNSO: Amisiri, ndimagulitsa nsapato za kaunjika ku Mchesi. Kasitomala wina ananditumizira umboni woti walipira pa foni, koma anautumiza pa view once. Ndinaona dzina langa ndi K45,000, ndinapereka katundu kwa wa kabaza amene anamutuma. Madzulo poyang'ana, ndalama mulibe, chithunzi chija sichikutsegukanso. Ndichite bwanji? Wamalonda, Mchesi.

YANKHO: Achimwene, pepani kwambiri. Apa view once yagwira ntchito yake bwinobwino, kungoti yagwirira wakuba. Chithunzi cha umboni wa malipiro chimapangika pa foni m'mphindi ziwiri, ndipo anachitumiza cha kamodzi n'cholinga choti musachiyang'anitsitse komanso musakhale ndi chokaonetsa ku polisi. Wogula woona alibe chifukwa chobisira lisiti.

Chithunzicho sindingakubwezereni, ndipo wina akakuuzani kuti mumulipire akubwezereni, akufuna kukudyerani kachiwiri. Chimene chatsala ndi nambala yake, mauthenga amene munalemberana, nthawi imene chithunzicho chinafika, ndi wa kabaza uja ngati mungamuzindikire pa siteji. Jambulani macheza onsewo lero, chifukwa ngati anayatsa mauthenga ozimiririka, aja a maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, mawa mukhoza kupeza mulibe kanthu. Kenako kanenani ku polisi ndi ku kampani ya foni imene nambalayo ili, popeza manambala onse analembetsedwa ndi chiphaso.

Kuyambira lero katundu asachoke pa benchi musanaone ndalama ndi maso anu. Musadalire chithunzi, ngakhale uthenga wa SMS umene ukuoneka ngati wochokera ku Mpamba kapena Airtel Money, chifukwa nawonso amaupeka. Lowani nokha mu akaunti yanu muone balansi, wa kabaza adikire.