Chifukwa chake chithunzi chanu sichikuoneka ngati cha filimu yakale

Mmodzi mwa owerenga wandilembera imelo kufunsa chifukwa chake zithunzi zake zikuonekabe zachiphamaso ngakhale wagula ma preset ambiri (makonzedwe a mitundu ndi kuwala okonzeratu, amene amaikidwa pa chithunzi mu pulogalamu) otsanzira filimu yakale. Funsoli landikhudza kwambiri, pakuti ndakhala ndikulimbana nalo chisiyireni kujambula ndi filimu.

Kamera imene ndinkaikonda koposa inali Holga, yomwe inayamba kupangidwa ku Hong Kong kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Yonse ndi ya pulasitiki, ndi lenzi yomwe, ndipo filimu ya 120 imene imalowamo inkandipatsa zithunzi 12 zokha, chilichonse cha masentimita 6 mbali zonse. Ndinkamata tepi yakuda m'mphepete mwa chitseko chake kuti kuwala kusalowe, komabe kunkapeza polowera. Filimu ikapita kokatsukidwa ndinkadikira mtima uli m'mwamba, ndipo zithunzi zikabwera ndinkaziyala patebulo n'kumayang'ana chimodzichimodzi: pakati pakuthwa, m'ngodya mwakuda, apa ndi apo chilanga chofiirira chimene sindinachiitane. Panalibe zithunzi ziwiri zowonongeka mofanana, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Chilema chilichonse cha kamera zoterezi chinali ndi gwero lake. M'ngodya munkada chifukwa lenziyo inkalephera kufikitsa kuwala kokwanira kumapeto kwa filimu. Kuwala kolowera kuchitseko kunkasiya mtundu wofiira kapena wa lalanje chifukwa kunkafika chakumbuyo kwa filimu, kumene kunkayamba kukhudza gawo lomva kuwala kofiira. Timadontho ta pa zithunzi za filimu timene anthu amatikonda timachokera ku tinjere ta siliva, ndipo timakula filimu ikakhala ya ISO (nambala yosonyeza mmene filimu imamvera kuwala) yaikulu monga 800. Mitundu yobiriwira ndi yachikasu yowala kwambiri inkabwera munthu akatsuka filimu ya slide (yoonetsera zithunzi pa projekita), yoyenera mankhwala a E-6, m'mankhwala a C-41. Preset sidziwa kumene dzuwa linali pamene munkajambula, choncho imaika chilanga chomwecho pamalo omwewo pa chithunzi chilichonse, ndipo diso la munthu limazindikira msanga kubwereza kotere ngakhale mwini wakeyo sangathe kufotokoza chimene chalakwika.

Ndikunena motsimikiza kuti kugula ma preset ambiri musanamvetse zimenezi ndi kutaya ndalama. Achinyamata a ku Vienna amene anakonda kamera ya Lomo LC-A ya ku Soviet Union, nayambitsa bungwe la Lomography mu 1992, ankafuna kujambula mosaopa kulakwitsa. Instagram itabwera mu 2010 ndi zithunzi zake za mbali zinayi zofanana, inatenga maonekedwewo koma mzimu wake unatsalira, ndipo zimandipweteka kuona chithunzi chakuthwa ngati lumo chitapakidwa zokanda zabodza pamwamba.

Pamene muyenera kuyambira

Yambani pa nthawi yojambula, chifukwa foni imanola chithunzi ndi kuwalitsa mithunzi yokha musanachione n'komwe. Zimitsani HDR, njira imene foni imaphatikizira zithunzi zingapo kuti iwalitse mithunzi, ndipo ngati foni yanu ikulola, jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga chithunzi foni isanachikonze. Mukafuna maonekedwe a kamera zotaya filimu ikatha, monga QuickSnap ya Fujifilm, yatsani fulashi ndipo muyandikire munthuyo, kuti nkhope iwale kumbuyo kukhale mdima, pakuti palibe pulogalamu imene ingabwezere kuwala kotere bwinobwino pambuyo pake. Sankhaninso kamera imodzi ndi filimu imodzi yoti mutsanzire, muyang'anitsitse zithunzi zake zenizeni, m'malo mosakaniza zilema za Holga ndi za Polaroid pa chithunzi chimodzi.

Mukafika mu pulogalamu yokonzera zithunzi monga Lightroom, Snapseed kapena darktable, chepetsani kuthwa, kwezani pang'ono nsonga ya m'munsi ya curve (mzere wosinthira kuwala ndi mdima) kuti zakuda zitumbuluke, tsitsani ya m'mwamba kuti zowala zifewe, kenaka mupendeketse mithunzi cha kobiriwira ndi zowala cha kuchikasu. Timadontho muike pomaliza, chithunzi chitafika kale pa kukula kumene mudzachitumizire. Chilanga cha kuwala muchiike pa zithunzi zochepa chabe, chichokere m'mphepete, ndipo chisinthe malo nthawi iliyonse.